Malamulo Khumi ndi Mwendo wa Apongozi

LOLEMBA

Mvula kuyambira m'mawa. Ana anga a Sitandade 4 ndawabweza msanga, poti kalasi yathu ndi mtengo wa mango.

Koma ine mtima uli m'malo. A Kapitawo a pa esiteti avomera: shedi yosankhiramo fodya ndi yathu masana onse sabata ino, popeza fodya akadali kumunda. Pansi simenti, pamwamba malata, makoma anayi. Chovuta ndi nsanamira ziwiri zapakati, ndi jeke yodindira mabelo imene ili pakona. Zimenezo tizizizemba. Magolo ndapanga ndi mitengo ya bulugamu, ndaizika m'zitini za mchenga.

Mpira wa m'nyumba wafika ku Mitundu! Ndinauona mwezi watha ku Lilongwe, ku semina ya aphunzitsi atsopano, m'holo yonyezimira pansi. Amuna ndi akazi timu imodzi, popanda wodabwa. Anatiuza kuti imeneyo ndiye jenda. Ndinasewera mphindi khumi, mpira ndinaukhudza kawiri, ndipo ndinabwerako ndili katswiri.

Bwalo la pasukulu kulibenso. Chibwerere matipate, abale a mkazi wanga akuti malowo anali awo, boma lakale linachita kulanda. Abzalapo chimanga. Sindingadandaule mokweza, chifukwa mizere ya pakati pa bwalo ndinagalauza ndine ndemwe. Ndi munda wa apongozi umenewo, ndipo ine pano ndine mkamwini.

Zaka zisanu pachikamwini! Lamulungu likubwerali amalume akubwera kuchokera kwathu ku Nathenje kudzapempha chitengwa, kuti nditenge Esinati ndi mwana wathu Tadala tikakhale kwathu. Nyumba ndinamanga kale, zatsala zitseko zokha. Ndikufuna kudzuka m'mawa pakhomo panga, ndikatsokomola osayamba ndaganiza kuti akumva ndani. Amalume anandiuza kuti, "Akuchikaziwo akuone kuti ungathe kutsogolera anthu, osati kumangotumidwa."

Ndiye pulani nayi. Loweruka timu ya kwathu ibwere pamodzi ndi amalume, isewere ndi timu ya kuno. Ine pakati, wenzulo pakamwa, mudzi wonse ukumvera ine. Likamakwana Lamulungu angakane ndani?

Malamulo ndalemba papepala lalikulu, zilembo zikuluzikulu:

1. Timu anthu asanu. Awiri akhale akazi, nthawi zonse.
2. Osagunda ndi phewa, osatsetsereka, osadziponya pansi.
3. Mpira usakwere kupitirira mutu.
4. Khoma ndi mnzako. Mpira ukagunda khoma, masewera apitirire.
5. Ofusayidi kulibe.
6. Chigoli cha mkazi chiwerengedwe ziwiri. Ndi ofooka, tiwalimbikitse.
7. Nsapato za zisonga ayi. Za nsalu, apo ayi phazi.
8. Wotopa atuluke, wina alowe, mpira osaima.
9. Wolakwa aonetsedwe khadi yachikasu, akhale panja mphindi ziwiri.
10. M'shedi tonse ndife ofanana. Mulibe wamkulu, mulibe mlamu, mulibe mpongozi.

Lakhumilo ndi langalanga, ku Lilongwe kunalibe. Ndaliwerenga katatu, likukoma.

Ndamuwerengera Esinati. Wamvetsera akuyamwitsa, kenako akuti, "Bambo a Tadala, lakhumilo mwawauza amayi?" Ndamuseka. Amayi ake akafuna chiyani ku mpira?

LACHIWIRI

Abwera: amuna khumi ndi anayi, akazi atatu, mbuzi imodzi yothawa mvula.

Ndikuwerenga malamulo, ndisanafike pa lachitatu, a Mbewe, mphunzitsi mnzanga, akweza mkono. "Malamulowa anasankha ndani? Zoti munthu mmodzi azilamula zinatha." Anthu m'manja! Tavota lamulo lililonse, dzanja m'mwamba, ola lathunthu. Ena akukweza manja onse awiri. Lachisanu ladutsa ndi chisangalalo, a Mbewe akuti ofusayidi yawazunza moyo wawo wonse. Lachisanu ndi chimodzi amuna alivomereza akuseka. Lakhumi ladutsa popanda wotsutsa, chifukwa aliyense amayang'ana pansi.

Mafunso amene ku Lilongwe sanatiphunzitse:

Mwana ali kumsana, timuwerenge ngati wosewera?
Mpira ukakodwa m'chitenje, ndiye kuti wagwira ndi manja?
Nanga mbuzi ikaukhudza?

Ndayankha: ayi, ayi, ithamangitseni. Ndanenanso kuti masiku ano boma linalola akazi kuvala mathalauza. Akazi atatu aja andiyang'ana mpaka ndasintha nkhani.

Akazi akufunika anayi, tili ndi atatu: Esinati, mng'ono wake, ndi akazi awo a Kapitawo. Tili mkati mokambirana zowaveka duku a Mbewe, chitseko chatseguka. Apongozi! Abwera ndi Tadala, akulirira bere.

Ine, monga mwa masiku onse, ndapezeka ndili kale kuseri kwa nsanamira. Zaka zisanu sitinayang'ananepo pamaso, sitinalankhulanepo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'udzu, iwo amayang'ana kumbali. Mawu onse amadzera mwa Esinati. Mwambo ndi umenewo, ndipo sunandivutepo mpaka lero.

Mpira wagubuduka wokha, mwano wake, wakaima pamapazi pawo. Auyang'ana. Apereka mwana kwa Esinati. Amangitsa chitenje. Phii! Mpira wagunda khoma, wagunda jeke, wabwerera paphazi lomwelo. Akazi nthungululu.

Akuuza Esinati, koma mokweza kuti nsanamira imve: "Chilekere magule a pamisonkhano ya chipani, miyendoyi ili paulova. Uwauze aphunzitsi kuti wachinayi wapezeka."

Ndinali kuseri kwa nsanamira, mimba nditaikokera mkati kuti isaoneke. A Mbewe awerenga lamulo lakhumi mokweza, pang'onopang'ono, akuyang'ana kumene ndabisala. Manyazi!

Pobwerera Esinati akuyenda mofulumira. Ali patsogolo, ndikungoona mapewa akugwedezeka.

LACHITATU

Kugawa matimu. Ndimayesa ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Mbiri yamveka kuti mayi wamkulu wamenya mpira, ndiye lero akazi afika asanu ndi anayi. Ndasangalala kwa kanthawi, mpaka nditayamba kuwagawa. Kuno aliyense ndi mpongozi wa wina, ndipo amene si mpongozi ndi mlamu. Akamwini okha m'shedi muno tilipo asanu. Ndajambula mizere pakhoma ndi choko, uyu asakumane ndi uyu, uyu asayandikire uyu. Choko chatha, matimu asanapezeke.

Zimene ndaona ndi maso angawa:

A Jemusi, mkamwini mnzanga, akuthamanga ndi mpira, akumana ndi apongozi awo, avula chipewa, azungulira kuseri kwa nsanamira. Mpira ausiya pomwepo.

Mtsikana wina wapatsira mpira amalume ake, kenako wagwada n'kuomba m'manja. Amalumewo aima kuti ayankhe. Mpira watengedwa.

Akazi awo a Kapitawo aima pakati pa masewera kuti afunse mnzawo wa timu ina za wodwala kunyumba. Ayankhana mpaka za nkhuku.

Alamu ndiye nkhani ina. Akungogwetsana, kukokana malaya, mpira uli kutali. A Mbewe alamu awo aakazi awiri awakhalira pamsana. Ndikaimba wenzulo akuti, "Ichi ndi chilamu, aphunzitsi, si mpira."

Choncho m'shedi muli magulu awiri: osakhudzana n'komwe, ndi okhudzana mopitirira. Lamulo lachiwiri ndi lakhumi afa tsiku limodzi.

Ine ndakhala woyimbira, monga ndinakonzera. Nzeru! Woyimbira sakhudza munthu.

Ndinaiwala kuti woyimbira amayang'ana. Apongozi pautsikana ankasewera ntchemberembaye, ndiye mpira ukabwera chapamwamba manja amanyamuka okha. Auwakha. Ndi manja awiri, mwaluso ndithu. Onse aona. Onse akuyang'ana ine.

Ndaimba wenzulo ndikuyang'ana kukhoma. Ndaitana Esinati. Ndati akawauze amayi kuti mwina, kapena, ngati sindinaone molakwa, mpira wakhudzako dzanja pang'ono. Esinati wayenda mapazi atatu, wagwada, wanena. Wabwerera mapazi atatu.

"Akuti mwaona bwanji, poti simuwayang'ana?"

Shedi yonse phwete! Ndati masewera apitirire. Wenzulo ikumveka dzimbiri m'kamwa.

Apongozi amwetsa zitatu lero, kutanthauza zisanu ndi chimodzi. Amene analemba kuti "ofooka" ndine, ndipo pepalalo lili pakhoma, aliyense akuliwerenga.

LACHINAYI

Makhadi! Ndadula pa katoni yachikasu ya sopo, ndi lezala, mbali zonse zowongoka. Lero ulamuliro ubwerera.

Layamba kudwala ndi lamulo lachitatu. A Jemusi amenya mpira m'mwamba, wagunda malata, fumbi lonse la fodya wa chaka chatha latigwera. Kuyetsemula! Anthu makumi awiri, misozi chuchuchu, wina aliyense akufunafuna chitseko. Ndikaimba wenzulo sikumveka. Ngakhale mbuzi ija yasankha mvula.

Titapenya, funso latsopano: kupitirira mutu, mutu wa ndani? A Kapitawo ndi mlongoti, a Mbewe amawalekeza pachifuwa. Tavota. Wapambana mutu wa a Kapitawo, poti shedi ndi yawo.

Kenako zachitika zimene ndimaopa. A Mbewe ali ndi mpira pafupi ndi jeke, apongozi akubwera. Phewa! A Mbewe auluka, akakhala m'bokosi la jeke, miyendo m'mwamba, ngati fodya wodikira kudindidwa. Akukuwa ali momwemo: "Lamulo lachiwiri! Lachisanu ndi chinayi! Lakhumi!"

Ndatulutsa khadi. Kuikweza pamaso pawo sindingathe, nditakhala ndani ine? Ndaipereka kwa Esinati. Esinati wagwada, waipereka ndi manja awiri. Apongozi ailandira ndi manja awiri, aomba m'manja, akuti, "Zikomo, uwathokoze aphunzitsi." Aimanga pamfundo ya chitenje, abwerera m'bwalo.

Ndati mphindi ziwiri. Ndanena kwa nsanamira, ndipo nsanamira sinatuluke.

Wina kumbuyo wakuwa: "Zoonetsana makhadi zinapita ndi chipani chimodzi! Takana!" Ena avomereza. Anthuwa anavutika ndi makhadi a chipani pamsika, pabasi, ponseponse, ndiye mkwiyo wa zaka zonsezo wagwera katoni yanga ya sopo. Tavota. Lamulo lachisanu ndi chinayi lagwa. Makhadi otsala akazi awo a Kapitawo atenga, akuti akolezera moto.

Malamulo otsala amoyo: 1, 4, 5, 6, 7, 8, ndi lachitatu lodwala lija. Lachisanu ndi chiwiri lili moyo chifukwa palibe amene ali ndi nsapato za zisonga. Lachisanu ndi chitatu lili moyo koma silikugwira ntchito, poti akazi sakutopa. Akutopa ndi amuna, ndipo akuchita manyazi kutuluka.

A Mbewe bondo latupa. Akuti saimba mlandu apongozi, akuimba mlandu ine.

Esinati wamwetsa chimodzi lero, chake choyamba. Pobwerera akuimba. Ndamufunsa ngati wayamba kulongedza mbale za ku Nathenje, iye akuti, "Kodi ku Nathenje kuli shedi?" Funso limeneli sindinalikonde.

LACHISANU

Kalata yochokera kwa amalume, yabwera ndi wogulitsa usipa wa panjinga. Ndiikopera muno, ndidzakumbukire tsiku limene ndinatha:

"Tikubwera mawa pa matola. Osewera alipo anayi okha, amuna awiri ndi akazi awiri. Goloboyi wathu walumidwa ndi galu. Pagolo ukhala iwe, ndiwe mwana wa kuno. Wenzulo upatse wina. Usatichititse manyazi pamaso pa akuchikazi."

Pagolo. Ine. Ndipo kutsogolo kwa timu ya kuno kuli ndani?

Zimene ndayesa lero:

Kupempha a Kapitawo atseke shedi, tinene kuti fodya wayamba kulowa. Akana. Akazi awo agula kale duku latsopano. A Kapitawowo atamva kuti wenzulo ikusowa mwini, ailandira ndi chimwemwe, ayamba kale kuyeserera pa nkhuku.

Kuchotsa lamulo lachisanu ndi chimodzi. Ndati jenda yeniyeni ndi yakuti chigoli ndi chigoli, cha mwamuna chimodzi, cha mkazi chimodzi. Ndalankhula bwino, ndaponyamo ndi Chingerezi. Tavota. Akazi tsopano aposa amuna, kuphatikizapo ongoonerera, ndipo ena akweza ndi timanja ta ana a kumsana. Ndagonja.

Kutsimphina. Ndatsimphina kuchokera kusukulu mpaka kunyumba. Esinati akuti m'mawa ndimatsimphina mwendo winawo.

Kupempherera mvula yoti idule msewu wa ku Nathenje. Kwawala dzuwa, koyamba sabata ino.

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndikagwira mipira ya apongozi, ndawanyoza m'mudzi mwawo, kutatsala tsiku limodzi kuti tipemphe mwana wawo. Ndikaileka, ndagulitsa amalume amene akudzandilankhulira. Kulikonse kumene ndingatembenukire kuli manyazi akundidikira.

Nzeru yomaliza: kuyang'ana mapazi okha. Mwambo umaletsa nkhope, za mapazi sunanenepo. Tayeserera kuseri kwa nyumba, Esinati akumenya, ine maso pansi. Pa mipira khumi ndagwira iwiri, umodzi ndi mphuno. Esinati akuti, "Amayi amamenya kuposa ine." Ndikudziwa zimenezo, sindinafunse.

Kuseri kwa mpanda ndamva apongozi akuuza anzawo kuti mawa kumunda sapita, akusunga miyendo. Chikwatire pano sindinamvepo kuti ajomba kumunda. Ngakhale tsiku limene Tadala anabadwa anayamba apalira kaye.

A Mbewe akuti akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Akunena zoona. Wanga ndinaukuza Lolemba, polemba lamulo lakhumi.

LOWERUKA

Ndilemba zonse, kuti ndisadzayerekezenso.

Afika dzuwa litapendeka, amalume atakhala kutsogolo kwa matola, jekete la kutchalitchi, chipewa chatsopano. Timu: asuweni anga awiri, mchemwali wanga, ndi mnzake. Shedi yadzaza. Matenanti a pa esiteti, a kumpingo, ogulitsa zitumbuwa, ena sindikuwadziwa n'komwe. Anthu akhala mozungulira m'mbali mwa makoma, ndiye lamulo lachinayi lafanso. Khoma kulibe, kuli miyendo ya anthu a ku Mitundu, ndipo miyendoyo ikubwezera mpira kwa a ku Mitundu okha.

Titangoyamba mvula yakhuthuka. Dzulo inali kuti?

Tayamba bwino. Asuweni anga kuno alibe mpongozi, akungodutsa aliyense, amwetsa ziwiri mofulumira. Amalume akuponya chipewa m'mwamba. Ine ndagwira mpira wa a Jemusi, ndagwira wa Esinati, ngakhale wandiyang'ana moipa. Ndamva wina akuti, "Aphunzitsi akutha!" Mtima wayamba kukula.

Kenako ndaona mapazi. Ndikuwadziwa, zaka zisanu ndakhala ndikuona amenewo basi, chala chachikulu chakumanja chopindika. Akubwera. Ine maso pansi, monga tinayeserera. Mapazi aima, ine ndaima. Mpira wadutsa pamwamba pa phewa langa, kumene sindimayang'ana. Chimodzi, kutanthauza ziwiri. Tafanana.

Asuweni amwetsa zina ziwiri. Ndapumako.

Kachiwiri apongozi abwera molunjika, pakati penipeni, mosathamanga, ngati ali panjira ya kudimba. Ndipo thupi langali, lozolowera, lachita zimene limachita panjira. Ndapatuka. Ndapatuka ndithu! Ndaima pambali pa golo, manja kumbuyo, ndipo anthu akuti ndinawerama. Sindikukumbukira, koma ndikukhulupirira. Mpira aulowetsa akuyenda, osaumenya n'komwe. Zinayi kwa zinayi.

Amalume: "Iwe! Takuika pamenepo kuti ulondere golo kapena uzilandira alendo?"

Popuma palibe wandipatsa madzi. Mchemwali wanga akufunsa kuti anthu a kuno anandidyetsa chiyani. Amalume andikokera kuseri kwa jeke: "Mawa ndikanene kuti ndikupemphera chitengwa ndani? Taonetsa chamuna!"

Chigawo chachiwiri, msuweni wamwetsa chachisanu. Tikutsogola, zisanu kwa zinayi. A Kapitawo akuyang'ana wotchi, kwatsala mphindi imodzi. Mapazi aja akubweranso.

Ndati lero ndi lero. Lamulo lakhumi ndinalemba ndine, ngati lili la kufa ndife nalo. Ndatsinzina, ndadziponya pansi, ndagwira ndi manja awiri, ndakumbatira pachifuwa zolimba. Ndagwira! Mumtima ndikuti amalume aone.

Ndazindikira mochedwa kuti mpira sukhala ndi chidendene.

Mvula yokha pamalata. Ndatsegula maso, ndayang'ana m'mwamba, ndipo koyamba pa zaka zisanu ndaona nkhope ya apongozi anga pafupi. Kani Esinati maso anatengera kumeneku. Aima ndi mwendo umodzi, atagwirira mtengo wa golo, akupuma mwawefuwefu. Alankhula, kwa ine mwini, popanda Esinati pakati:

"Bambo, mukamaliza mundibwezere mwendowo."

Sindinausiye msanga. Manja auma. Achita kubwera a Mbewe, ndi bondo lawo lotupa, kudzandimasula chala chimodzichimodzi. Amayi ena afunda zitenje kumutu, ena akugubuduka ndi chiseko. Ndimafuna simenti ing'ambike ndilowe, koma simenti ya pa esiteti ndi yolimba.

A Kapitawo aliukitsa lamulo lachiwiri, aliwerenga papepala langa lomwe: osadziponya pansi. Penate. Awonjezera kuti, "Khadi bwenzi tikukupatsani, aphunzitsi, koma tinavota."

Pa penate ndaima pagolo, koma moyang'ana kukhoma. Mpira wa apongozi ndaumva ukudutsa pafupi ndi khutu.

Zigoli: ife zisanu, iwo zitatu. Apambana iwo, 6 kwa 5. Amalume apempha kuti wina awafotokozere masamu amenewa. Anthu onse aloza ine.

Ndatuluka mozemba, ndadzera m'chimanga cha pabwalo la sukulu kuti ndisakumane ndi munthu, mvula ikundimenya. Amalume akana kufikira kwathu, akagona kwa a Mbewe. Chakudya sichikulowa. Manja ndasamba katatu, akukumbukirabe.

LAMULUNGU

M'mawa ndagwira tambala wanga, mmodzi yekhayo, ndatumiza kwa ankhoswe a kuchikazi, wopepesera mwendo. Alandira. Tambala ameneyu ndimasungira tsiku lolowa m'nyumba ya ku Nathenje.

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni. Potuluka amayi a kwaya andipatsa moni mmodzimmodzi, aliyense akubweza mwendo wake kumbuyo.

Masana takhala pakhonde pa amalume ake a Esinati, amene ndiwo ankhoswe a kuchikazi. Ine pakampando kakafupi, chapatali, maso pansi. Apongozi ali m'nyumba, chitseko chotsegula pang'ono.

Amalume anga apempha chitengwa ngati munthu wofunsa mtengo wa chinthu chimene sakufuna kugula. Mawu ochepa, akuyang'ana kumsewu. Amaliza ndi kuti, "Koma ngati mukumufunabe, ife sitikufulumira."

Ankhoswe a kuchikazi alowa m'nyumba, akhalitsa, atuluka. "Alongo angawa akuti mkamwini waulemu wotere sanamuonepo. Munthu wopatukira apongozi ake ngakhale pagolo, abale ake akuonerera! Za mwendo akuti zatha, tambala walankhula. Koma wotereyu sitingamutaye msanga. Ndiponso timu ikudalira mkazi wake."

Ndayang'ana Esinati. Akuyang'ana denga, pakamwa atatseka ndi chitenje. Mbale sanalongedze ndi imodzi yomwe, ndaona ndekha m'mawa.

Amalume afunsa, mwa mwambo chabe, kuti tidikire mpaka liti. Chitseko chasuntha. Esinati waitanidwa, walowa, watuluka, wabwera kwa ine, wagwada, wandipatsa kanthu ndi manja awiri. Kakatoni kachikasu, kopindikapindika, konunkhira sopo.

"Amayi akuti lamulo ndi lanu lomwe, mukhale kaye panja. Koma akuti iwo wotchi alibe, za mphindi sadziwa. Amawerenga zokolola. Ziwiri."

Ndalandira ndi manja awiri. Ndaomba m'manja. Ndathokoza.

Amalume akwera matola osandigwira chanza. Akuti masewera obwereza adzakhale ku Nathenje, ndipo ine ndisadzabwere. Apongozi atumiza mawu kuti ndidzabwere, pagolo pomwe paja.

Zitseko za ku Nathenje zidikire. A Kapitawo akuti shedi ilipo mpaka fodya atayamba kulowa, ndipo akazi akufuna Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Woyimbira asankha a Mbewe. Avota ine kulibe. Pa malamulo khumi asunga limodzi, lachisanu ndi chimodzi, atangofufuta mawu aja akuti "ofooka".

Mawa ndikaweruka kusukulu ndikabandira chimanga cha apongozi. Mzere wanga ukuyambira pamene panali golo. Khadi ndaisunga m'buku lino.